Mzere Umene Ndinapala ndi Lezala

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kale kwa azakhali anu, amene sasowa nkhani pamaliro ngakhale paukwati. Pano ndikufuna ndikusiyireni za ntchito. Mpaka lero ena mwa inu mukafunsidwa kuti mayi anu ankatani, mumangoti ankalemba mu ofesi, ndipo zimenezi zimandinyansa. Sindinali kalaliki ine. Ndinkajambula mapulani a nyumba, ndipo ntchitoyo ndinkaikonda mpaka bambo anu ankachita nayo nsanje.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970: Machinga

Ndinafika pa boma la Machinga, pamene nthawi imeneyo pankatchedwa Kasupe, nditasenza sutikesi yamalata, nditavala diresi lofika kumapazi, khadi la chipani nditalimanga pansonga ya chitenje. Masiku amenewo kunali bwino kuiwala nsapato kusiyana ndi kuiwala khadi. Anandilemba ngati thiresa mu ofesi ya zomangamanga. Thiresa ndi munthu amene amayala pepala loonekera pamwamba pa pulani yojambulidwa ndi pensulo, n'kuikopera ndi inki kuti ioneke bwino ndiponso isafufutike. Mkazi ndinalimo ndekha, ndipo masiku oyambirira alendo ankandituma madzi akumwa poganiza kuti ndine wosesa. Ndinkawatungira ndithu, kenako n'kukakhala pa tebulo langa lalikulu lopendekeka lija kuti aone okha, ndipo nkhope zawo zinkandisangalatsa kuposa malipiro.

Mkulu wa ojambula anali Che Mbwana, Myao wa ku Nselema, munthu wamtali wa kofia yoyera ndi zala zazitali zosanjenjemera. Tsiku loyamba ine mtima unali dyokodyoko kufuna kugwira cholembera cha inki, chonyezimira chija, chokhala m'kabokosi kakekake. Iwo anapisa m'thumba n'kundipatsa lezala, lomwe lija amuna amametera ndevu.

"Cholembera aliyense angagwire, mwanangu," anatero. "Ntchito ino ili pa lezala."

Ndinaganiza kuti akundiseka. Koma anandikhazika pansi, najambula zipinda ziwiri zogundana, chilichonse ndi mbali zake zinayi. Pakati pake panatsala mzere umodzi, wa chipinda ichi komanso wa chinacho. Anandifunsa kuti mzerewo ndi wa yani, ine ndinati wa zonse ziwiri. Iwo anati ngati pansi pa zipinda ziwirizo ndi pofanana, simenti yake imodzi, popanda khoma kapena sitepe, ndiye kuti mzerewo si wa aliyense, uyenera kuchoka. Inki ikauma sifufutika ndi labala. Umagoneka lezala n'kumapala pang'onopang'ono ngati ukupala mamba a kansomba, kenako n'kusalaza ndi chikhadabo. Ukapupuluma uboola pepala, ndipo ntchito ya mlungu wathunthu yapita. Ndikatsonya, Che Mbwana ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kundipatsa pepala lina. Mapepala amene ndinaboola pophunzira sindingawawerenge, koma tsiku limene ndinapala mzere, zipinda ziwiri n'kusanduka bwalo limodzi popanda chipsera, ndinakuwa mpaka mesenjala anathamangira mu ofesi ndi ndodo poganiza kuti mwalowa njoka.

Chimene sindinkamvetsa n'chakuti kamzere kamodzi kangavute chiyani katatsala. Che Mbwana sanandiyankhe ndi pakamwa. Tsiku lina galimoto ya ofesi ikupita ku Phalula anandikweza, tinakatsika pa nyumba yosungiramo chimanga imene inamangidwa ine ndisanabwere. Inali nyumba yabwino, yayitali, yamalata. Koma pakati penipeni pa simenti, kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo, panadutsa kakhoma ka njerwa imodzi, kofika m'kakolo. Anthu okankha wilibala ya matumba akafika pamenepo ankaima, n'kuitana mnzawo kuti adzanyamulitsane, ndipo aliyense wogwira ntchito mmenemo anali ndi chala chakuphazi chimene chinalawapo kakhomako. Amene anamanga anali pomwepo, Che Jafali, mmisiri wamfupi wa mapewa otambalala, wodziwika dera lonselo kuti khoma lake silipendekeka.

"Che Jafali," Che Mbwana anatero, "auzeni mayiwa chimene munamangira ichi."

"Mzere unalipo papepala, bwana," anayankha osachita manyazi n'komwe. "Ine ndifunse ndani? Boma likalemba mzere ndiye kuti likufuna chinthu pamenepo. Iyayi, ine sindingadumphe mzere wa boma."

Pobwerera Che Mbwana anangoti, "Wamva? Kuno mzere uliwonse mmisiri amaumanga." Mawu amenewa ndinawasunga kuposa malangizo a anankungwi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mlenje wa mizere. Pulani iliyonse yodutsa patebulo panga ndinkaisanthula ngati mayi wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana, ndipo ndikapeza mzere wopanda mwini, chimwemwe chake chinali ngati ndatola ndalama.

Kumapeto kwa ma 1970 mpaka m'ma 1980: Balaka

Atatsegula kaofesi kena ku Balaka, chakufupi ndi siteshoni ya sitima, anatisamutsira kumeneko ine ndi Che Mbwana, ndipo n'kumene ndinakwezedwa kuchoka pa uthiresa n'kuyamba kujambula ndekha. Eee, kukoma kwake! Pulani yanga yoyamba inali ya zimbudzi za pamsika wa Nselema, ndipo musaseke, ndinakwera basi Loweruka kukangoziona zitamangidwa. Ndinazizungulira, ndinalowa, ndinatuluka, ndinalowanso, mpaka mayi wina wogulitsa anyezi anandiitanira pambali n'kundifunsa mwachifundo ngati ndatsegula m'mimba. Ndinamuuza kuti ndinazijambula ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuuza anzake m'Chiyao kuti dzuwa landipweteka.

Kutentha kwa Balaka mukukudziwa, munabadwira komweko. Kwa wojambula ndi mdani weniweni, chifukwa thukuta likadonthera papepala inki imayenderera. Ndinkamanga kansalu pamkono n'kuwaza pawudala wa ana papepala kuti inki igwire, moti mapulani athu ankanunkhira ngati khanda. Zosowa zinali zambiri. Inki ikayamba kutha tinkadonthezera madzi m'botolo. Mapepala oonekera akasowa tinkapala mapulani akale athunthu kuti tijambulepo ena. Makope opita kwa amisiri tinkawapanga padzuwa: tinkayala pulani pamwamba pa pepala lamankhwala, n'kuzipanikiza ndi galasi, kuziika pabwalo, kenako kufukiza pepalalo m'chitini cha mankhwala oyabwa m'maso. Kukachita mitambo ofesi yonse inkakhala pakhonde kuyang'ana kumwamba ngati alimi, kusiyana kwake n'kwakuti ife tinkapempherera dzuwa. Chaka china malezala anasowa m'masitolo onse a Balaka. Bambo anu, amene anali mphunzitsi ndipo ankayenera kuoneka bwino pamaso pa ana, ankabisa lawo m'Baibulo, ine n'kumalipeza.

"Mayi a Chikondi," anandifunsa mmawa wina atagwira chibwano, "kodi m'nyumba muno mwakwatiwa ndi ine kapena ndi boma?"

"Ndevu zimameranso, bambo," ndinatero. "Koma njerwa ikakhala pa simenti yakhala."

Anapita kusukulu ndi ndevu zawo tsiku limenelo, ndipo akanati alembe mbiri yawo, nkhani imeneyi ikanatenga mutu wathunthu.

Che Mbwana atapuma n'kubwerera kwawo ku Nselema, bwana wathu anakhala a Chisale, ochokera kuchigawo chapakati. Sanali munthu woipa, ndipo ntchito ankaidziwa. Koma anali ndi ana ambiri pasukulu komanso mantha aakulu. Anaonapo mnzawo akutengedwa pa ofesi dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha mawu amene analankhula pamowa, ndipo kuyambira pamenepo ankatembenuka kaye asanayankhule, ngakhale pofunsa mtengo wa tomato. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti pulani ikasainidwa ndi bwana wamkulu wa ku Zomba, yasanduka ya boma, sukhudzanso ngakhale ndi pensulo. Tinagwira ntchito limodzi zaka zambiri osakangana, chifukwa mizere yanga ndinkaipala pulani isanapite ku Zomba.

Kumayambiriro kwa ma 1990: kompyuta

Kenako kunabwera kompyuta. Inabwera ndi polojekiti ya anthu akunja yomanga tizipatala ta kumidzi, ndipo poitsegulira kunafika nduna, amayi anavina pabwalo, ife titavala nsalu za chipani. Anaiika m'chipinda chakechake chokhala ndi fani ndi makatani, ndipo polowamo tinkavula nsapato popanda wotiuza. Pambali pake panali makina ena okhala ndi mkono wogwira cholembera cha inki, amene ankajambula okha papepala loonekera. Tsiku loyamba kuwaona akuthamanga, tsee uku, tsee uku, kujambula khoma lowongoka popanda lula, ine misozi inalengeza m'maso. Ndinali mayi wa ana anayi, imvi zitayamba, koma ndinkalumpha ngati mwana wasukulu.

Injiniya wa polojekitiyo anatiphunzitsa kwa kanthawi kochepa asanabwerere ku Blantyre, ndipo pa onse amene tinayesa, ine ndi amene zinandilowa msanga. Anzanga ankaopa kuiwononga, ine ndinkangodina. Ndinkafika osesa asanamalize, ndipo chakudya chamasana ndinkachiiwala m'chikwama. A Chisale anandiitana n'kundiuza kuti dzina langa alitumiza kuti ndikaphunzire bwinobwino za makinawa ku Blantyre, ndipo ndikabwera ndidzakhala woyang'anira chipindacho. Tsiku limenelo ndinayenda kuchokera ku ofesi mpaka kunyumba ndikuimba, ndipo ndinapha nkhuku pakati pa sabata. Nkhaniyi sindikanatha kuisunga, choncho Loweruka ndinapita nayo ku Nselema kwa Che Mbwana. Ndinawapeza pakhonde, maso atayamba kuchita khungu, ndipo ndinawafotokozera zonse mpaka kutsanzira kulira kwa makinawo.

"Zabwino zimenezo, mwanangu," anatero. "Nanga lezala ali nalo makinawo?"

Ndinaseka n'kuwauza kuti za malezala zinatha. Iwo anaseka nawo, koma sanabweze funso lawo.

Walira mvula walira matope. Pulani yoyamba kutuluka m'makinawo anaijambula injiniya uja ife tikuonerera, ndipo inali ya wodi ya amayi oyembekezera pa kachipatala kena ka kumidzi ya ku Utale. Iye anafuna kuti khonde ndi wodi zikhale simenti imodzi yopanda sitepe, khonde litangotsetsereka pang'ono kuti madzi a mvula azithawira kunja, n'cholinga choti mayi wobwera pangolo azimuika pa kabedi ka matayala n'kumukankha mpaka m'kati. Khomo lake linali lalikulu, la zitseko ziwiri. Vuto linali lakuti kompyuta inajambula simenti ya khonde payokha ndi mbali zake zinayi, ya wodi payokhanso, ndipo pamene ziwirizi zinagundana, pakhomo penipeni, inasiya mzere. Pagalasi la kompyuta unkaoneka ngati kaulusi, koma papepala unatuluka wakuda bii. Injiniya analipinda pepalalo n'kupita nalo ku Zomba, linasainidwa, linadindidwa, n'kubwerera. Nditaliyala patebulo kuti ndipange makope, ndinauona mzere uja uli pakhomo. Wopatsidwa ntchito yomanga anali Che Jafali.

Ndinayesa kuubisa mzerewo m'kompyutamo, koma njira yake sanatiphunzitse. Ndikaufufuta, simenti yonse ya khonde inkachoka nawo. Ngakhale ndikanatha, pepala latsopano likanafunika kupitanso ku Zomba, pamene lole ya simenti inali kunyamuka mawa lake, mvula ili pafupi, ndipo msewu wa kumeneko ukanyowa lole sidutsa mpaka mvula itatha. Che Jafali anabwera okha kudzatenga makope, atakalamba tsopano, ndevu zoyera koma mapewa omwe aja. Ndinawatengera kuseri n'kuwachonderera.

"Che Jafali, mzere uwu musaumange. Si kanthu, makina angousiya."

Anauyang'ana, nayang'ananso chidindo. "Mama, ine ndimakulemekezani, wallahi, ndikulumbira. Koma oyendera ntchito akabwera sadzanyamula mawu anuwa, adzanyamula pepala. Akapeza mzere papepala, pansi palibe, adzati Jafali waba njerwa za boma. Ndikagone kundende ukalamba uno? Iyayi. Chotsani papepala, ine ndichotsa pansi."

Sindinawade, chifukwa ankanena zoona. Ndinapita kwa a Chisale n'kuwaonetsa, ndipo ndinawakumbutsa za nyumba ya chimanga ya ku Phalula. Ndinati kumeneko chopunthwa chinali wilibala, koma kuno adzakhala mayi amene matenda amuyamba kale. Anauona mzerewo, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti amvetsa. Anatseka chitseko.

"Mayi Namalomba," ananong'ona, "makina awa anatsegulira ndi anduna. Pepalali asaina ndi bwana wamkulu. Mukufuna ine ndikanene kuti onsewa alakwitsa? Ana anga adye chiyani?" Kenako anavala jekete. "Ine ndikupita kukadya. Zimene mwanenazi sindinazimve."

Anatuluka, pulani ija ataisiya patebulo pawo, osaitsekera m'kabati monga ankachitira nthawi zonse.

Ndinatsala nayo ndekha masana amenewo, lezala lili m'manja. Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. Ndinkadziwa kuti malo opalidwa sabisika kwa munthu wodziwa, akangokweza pepala pawindo amawaona. Ndinkadziwa kuti ulendo wa ku Blantyre ukhoza kundithawa, mwina ndi ntchito yomwe, ndipo panali zoopsa zina zimene sitinkazitchula n'komwe. Ndinaganiza za chipinda cha fani chija ndipo mtima unandipweteka, chifukwa ndinkachifuna kwambiri. Kenako ndinakumbukira mmene ndinapitira kukabereka iwe Chikondi, pa njinga ya bambo ako, kabampu kalikonse ka mumsewu ndikukamva mpaka m'mano. Ndinagoneka lezala. Kunena mosadzitama, pa mizere yonse imene ndinapala pamoyo wanga, umenewu ndi umene unachoka bwino koposa. Ndinasalaza ndi chikhadabo, n'kuthamangira padzuwa kukapanga makope. Che Jafali anayang'ana pakhomo paja, nandiyang'ana ine, n'kungoti, "Pangali," kutanthauza kuti palibe. Anapinda pepala n'kupita kukalongedza lole.

Chaka chotsatira: Utale

Mlandu suola. Patapita miyezi, woyendera ntchito wochokera ku Zomba anabwera kudzaona mapulani oyamba a kompyuta. Nayenso anayambira pa uthiresa, choncho anachita chimene thiresa aliyense amachita: anakweza pepala pawindo. Anatisonkhanitsa tonse n'kufunsa amene anakhudza pulani yosainidwa. A Chisale ankayang'ana nsapato zawo, thukuta lili kamukamu. Ndinaimirira n'kunena kuti ndine, ndiponso kuti bwana anali atapita kukadya. Ndinafotokoza chifukwa chake, mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati chifukwacho n'chomveka koma pepala losainidwa ndi losainidwa. Nkhaniyi sanapite nayo kuchipani, ndipo pa chimenecho ndimamuthokoza mpaka lero. Koma dzina langa linachotsedwa pa opita ku Blantyre, anandiletsa kulowanso m'chipinda cha kompyuta, n'kundibweza pa tebulo langa lakale.

Ndinalira, ana anga, sindikubisirani. Ndinkamva makina aja akuthamanga kuseri kwa khoma, tsee uku, tsee uku, ine ndili ndi lula m'manja, ndipo ndinakhala choncho mpaka kupuma ntchito. Bambo anu sankadziwa kutonthoza munthu ndi mawu. Anangobwera ndi kapaketi ka malezala atsopano n'kukaika m'chikwama changa cha kuntchito. Posachedwapa mdzukulu wanga Madalitso, amene akuphunzira zomwezi, anandionetsa pa kompyuta yake kuti mzere wotere umangousankha n'kudina kamodzi, wabisika, simenti zonse ziwiri zili pomwepo. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kamodzi basi!

Wodi itatha, a Chisale anandiuza kuti mugalimoto yopita ku Utale muli malo. Ndinadziwa kuti ndiko kupepesa kwawo. Tinapeza Che Jafali akutsuka zida zawo pamjigo. Atandiona anandikokera ku wodi, naitana anamwino kuti adzaone. Anatulutsa ndimu m'thumba, naimirira kunsonga kwa khonde, n'kuigubuduza mwamphamvu. Ndimu ija inakwera khonde, inadutsa pakhomo osadumpha, n'kukaima pansi pa bedi la kumapeto.

"Mwauona mzere wanu, mama?"

Tisanachoke kunafika ngolo ya ng'ombe, fumbi lili koboo, mutagona mtsikana woyembekezera, amayi ake atamugwira mutu. Anamuika pa kabedi ka matayala, namwino mmodzi yekha n'kumukankha mothamanga kuchoka pakhonde mpaka m'kati, osaima, osaitana womuthandiza kunyamula. Mtsikanayo sanadziwe kuti wadutsa pa chinthu, ndipo sadzadziwa. Ine ndinavula nsapato n'kukhwekhwereza phazi pakhomo paja, uku ndi uku, anthu akundiyang'ana ngati wamisala, ndipo chimwemwe chimene ndinamva chinaposa cha tsiku la nkhuku lija.

Nyumba zambiri zimene ndinajambula zinagwa kale, zina anaziwonjezera mpaka sindingazizindikire. Koma wodi ija ilipobe. Mukadzadutsa ku Utale musadzavutike kufunafuna dzina langa pakhoma, palibepo. Mudzavule nsapato, mudzayendetse phazi pakhomo la zitseko ziwiri lija. Mukadzapanda kumva kanthu, ndiye kuti mwandipeza.